KUSANKHA NYALE ZOKWANIRA PA ULIMI WA CHAMBA CHOLOLEDWA

Alimi anzathu, ambiri mwa inu amene mumakhala ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, koma minda yanu ili kunja kwa mzinda, mwakhala mukufunsa alangizi za nyale zokulitsira mbewu m'nyumba. Funso lanu ndi limodzi: "Kodi ndigule nyale ya mawati angati?" Phunziro la mwezi uno likuyankha funso limeneli. Mfundo yaikulu ndi iyi: kuno kwathu dzuŵa ndi lokwanira ndipo ndi laulere. Ntchito ya nyale ndi kuthandiza dzuŵa, osati kuloŵa m'malo mwake. Mlimi amene wamvetsa zimenezi sadzataya ndalama zake pachabe.

YAMBANI NDI LAMULO

Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loyendetsera ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Izi zidachitika pambuyo pa kafukufuku amene adayamba ku Chitedze mu 2015. Bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso. Chamba chosuta ndi choletsedwabe, ndipo wolima popanda chiphaso angathe kukhala kundende mpaka zaka 25.

Dziŵani kuti chiphaso chimayendera malo amene adalembetsedwa. Chipinda cha lendi ku Biwi kapena kuseri kwa nyumba ku Mgona si munda wolembetsedwa, ngakhale dzina lanu litakhala m'kaundula wa kalabu. Inu matenanti mumagwira ntchito pansi pa chiphaso cha eni esiteti, choncho musatenge mbande kupita nazo kunyumba. Zonse zimene tikuphunzitsa pano ndi za malo ololedwa okha.

NYALE ZIKUFUNIKIRANJI?

Mbewu imeneyi imasiyana ndi fodya kapena mtedza, chifukwa imatsata kutalika kwa usiku. Ikalandira mdima wosadukiza wa maola pafupifupi 12, imasiya kukula ndi kuyamba kuchita maluŵa. Tsiku likakhala lalitali, maola 16 mpaka 18, imangophuka masamba ndi nthambi.

Mzinda wa Lilongwe uli pa madigiri 14 kummwera kwa mzere wogaŵa dziko pakati. Motero tsiku lathu lalitali kwambiri, mu Disembala, limangofika maola pafupifupi 13, ndipo lalifupi, mu Juni, limakhala maola 11 ndi mphindi 20. Mitundu yambiri ya mbewu imene ikubwera m'dziko muno idapangidwa ku Ulaya ndi ku America, kumene nyengo yotentha tsiku limafika maola 15 kapena 16. Ikafika kuno imathamangira maluŵa ikadali yofika m'maondo, ndipo zokolola zimachepa. Vutoli ndi lalikulu pa mbewu za manthu, zimene timasunga kuti tizidulako nthambi zobzala. Manthu akachita maluŵa, nazale yonse yatha.

Apa mwaona kuti chimene chikutisoŵa si mphamvu ya kuŵala ayi, koma maola ake.

NTCHITO ZITATU, MIYEZO ITATU

Musanafunse za mawati, dzifunseni kuti nyaleyo ikagwira ntchito yanji.

1. Kutalikitsa tsiku. Mbewu zili m'shedi ya pulasitiki ndipo zimalandira dzuŵa tsiku lonse. Nyale imangoziletsa kuchita maluŵa msanga. Babu wamba la LED la mawati 12 ndi lokwanira. Mababu atalikirane mita imodzi ndi theka, ndipo akhale mita imodzi pamwamba pa mbewu. Yatsani dzuŵa likamaloŵa, kwa maola 6.

2. Kumeretsa mizu ya nthambi zodula ndi kulera mbande. Izi zimafuna kuŵala kofatsa. Mawati 40 mpaka 60 pa sikweya mita imodzi, a LED kapena a machubu, ndi okwanira. Kuŵala kwambiri kumafotsa nthambi isanagwire mizu.

3. Kulima m'chipinda chotseka momwe dzuŵa silifika. Apa nyale ndiyo ikudyetsa mbewu. Pa nthaŵi yokula ikani mawati 150 mpaka 200 a LED pa sikweya mita, kwa maola 18. Pa nthaŵi ya maluŵa ikani mawati 300 mpaka 400, kwa maola 12. Nyale zakale za HPS zimafuna mawati 400 kapena kupitirira pa malo omwewo, ndipo zimatentha kwambiri.

Chamba cha mafakitale cholimira luzi kapena njere chimalimidwa kumunda ngati mbewu ina iliyonse. Sichisoŵa chipinda chotseka.

MASAMU AKE

Tengani tepi muyeze malo amene masamba adzaphimbe, osati chipinda chonse. Njira yoyendamo sifuna nyale. Tiyerekeze kuti bedi lanu ndi mamita 2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali. Amenewo ndi masikweya mita 6.

Pa nthaŵi ya maluŵa m'chipinda chotseka: 6 kuchulukitsa ndi mawati 350 ndi mawati 2,100. Mawati 1,000 akayaka ola limodzi amadya yuniti imodzi ya magetsi. Choncho mawati 2,100 kwa maola 12 adya mayuniti 25.2 patsiku, kapena 756 pa masiku 30.

Pa nthaŵi yokula: 6 kuchulukitsa ndi 200 ndi mawati 1,200. Kwa maola 18 adya mayuniti 21.6 patsiku, kapena 648 pamwezi. Mafani sitidaŵerengerepo.

Tsopano bedi lomwelo liikeni m'shedi ya pulasitiki. Mababu 4 a mawati 12 ndi mawati 48. Kwa maola 6 patsiku, mwezi wonse sakwanitsa ngakhale mayuniti 9.

Yerekezani nokha: mayuniti 648 ndi mayuniti 9, pa bedi limodzimodzi. Onani pa lisiti lanu la magetsi mtengo wa yuniti imodzi, muchulukitse, ndipo mudziŵa ngongole imene mukudziikamo. Chipinda chotseka chimayenera okhawo amene wogula wawo walemba m'pangano kuti akufuna maluŵa a mankhwala olimidwa motero, pa mtengo wobweza ndalama za magetsi. Musagule nyale zikuluzikulu musanapeze wogula. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

CHENJERANI NDI ZOLEMBA PABOKOSI

Nyale zina zimalembedwa 1000W pabokosi, pamene mphamvu yake yeniyeni ndi mawati 100 kapena 150. Nambala yapabokosi nthaŵi zina imangokhala dzina lamalonda. Yang'anani kapepala kakang'ono kakuseri kwa nyale kamene kamanena mphamvu imene imakoka. Ngati mukukayika, mita yanu yolipiriratu ikuuzani zoona. Zimitsani zonse za magetsi, lembani mayuniti otsala, yatsani nyale yokhayo kwa maola 10, kenaka ŵerenganinso. Ikadya yuniti imodzi, ndi ya mawati 100. Ikadya mayuniti 3, ndi ya mawati 300. Gulani imodzi, muiyese, musanagule zotsalazo.

Pa bedi lalitali ndi bwino kugaŵa mawati pa nyale zingapo zapakati kusiyana ndi nyale imodzi yaikulu. Nyale imodzi imapsereza mbewu zapakati ndi kusiya zam'mbali mumdima. Pakani laimu m'makoma kuti kuŵala kuzibwerera pa mbewu.

KUKWEZA NDI KUTSITSA NYALE

Kuŵala kumachepa msanga nyale ikatalikira. Babu likakwezedwa kuchoka pa theka la mita kufika pa mita imodzi, mbewu ya pansi pake imalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyale zamphamvu za LED zikhale masentimita 45 mpaka 60 pamwamba pa nsonga, ndipo muzizikweza mbewu zikamakula. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pa nsonga ya mbewu. Mukamva kutentha kosapiririka, nayonso mbewu ikupsa.

Mbewu yokha imanena. Ikakhala yaitali, yoonda, mfundo zotalikirana, kuŵala kwachepa. Masamba apamwamba akamayera ndi kupindika m'mbali, kuŵala kapena kutentha kwachuluka.

Pa nthaŵi ya maluŵa mdima wa maola 12 usadukizidwe. Getsi lapampanda loonera akuba, likamaunika pa mbewu usiku, limachedwetsa maluŵa. Litembenuzireni kwina.

MAWAYA NDI KUTENTHA

Magetsi athu ndi a mavoti 230. Mawati 2,100 amakoka maampu 9, ndipo pulagi yathu imanyamula maampu 13 basi. Mukaonjezerapo mafani ndi pampu, mwafika pamalire. Mawaya olumikizalumikiza ndi mapepala a pulasitiki, ngati amene timaona m'nyumba zambiri za lendi, sangapirire katundu wotereyu kwa maola 12 tsiku ndi tsiku. Umu ndimo nyumba zimapsera. Itanani wamagetsi wovomerezeka, ndipo soketi iliyonse ikhale pamwamba, kutali ndi madzi othirira.

Kumbukiraninso kuti mphamvu yonse imene nyale yadya imasanduka kutentha. Mawati 2,100 ali ngati mbaula ziŵiri za magetsi zoyaka m'chipinda. Mbewu imakula bwino pa madigiri 24 mpaka 28. Mu Okutobala ndi Novembala, pansi pa denga la malata, kutentha kumapitirira pamenepo nyale musanayatse n'komwe. Popanda mafani otulutsa mpweya, mawati ochuluka adzaononga mbewu m'malo moikulitsa.

MAGETSI AKAZIMA

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kudapitirira mpaka chaka cha 2023. Zotere zingathe kuchitikanso. Magetsi akamazima madzulo aliwonse, manthu amalandira usiku wautali, ndipo pakapita masiku ochepa amayamba maluŵa.

Apanso mlimi wa shedi ndiye wopambana. Mawati 48 kwa maola 6 amatheka ndi batire limodzi la mavoti 12 la 100Ah ndi sola yaing'ono. Koma mawati 2,100 amafuna jenereta ndi mafuta, ndipo mbewu za m'chipinda chotseka zilibe dzuŵa loti zidalire. Ŵerengerani zimenezi pa mtengo wa ulimi wanu. Gulaninso kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha, kuti maola asamasinthesinthe.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Limani pa malo okhawo amene ali pa chiphaso.
2. Dziŵani ntchito ya nyale musanagule.
3. Yezani bedi, chulukitsani ndi mawati oyenera, ŵerengani mayuniti a mwezi.
4. Yesani nyale pa mita yanu.
5. Konzekerani kutentha ndi kuzima kwa magetsi.

Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, aliyense abwere ndi muyezo wa bedi lake ndi lisiti la magetsi, kuti muchitire masamuŵa pamodzi ndi alangizi a m'dera lanu. Pamene simudamvetse, funsani. Safunsa adadya phula.