Majekete Awiri pa Mulu wa Kaunjika

Lero ndi tsiku la msika. Mwagulitsa nandolo wanu ndipo ndalama zili m'thumba. Mvula ili pafupi. Mukufuna jekete yovala popita kumunda, kudimba kapena kunyanja. Mwafika pa mulu wa kaunjika, kaya ndi pa Balaka, pa Ulongwe, pa Liwonde kapena pa Ntaja. Wogulitsa wakunyamulirani majekete awiri.

Yoyamba ndi yamawangamawanga. Pansalu pake anajambulapo masamba, nthambi ndi makungwa a mitengo. Wogulitsa akuti, "Iyi ndiye nsalu, bwana. Ndi ya alenje a kunja. Mukagula iyi simudzagulanso ina." Yachiwiri ndi ya mtundu umodzi, yopepuka, yosakopa maso. Kodi mutenga iti?

Musafulumire kutulutsa ndalama. Tsopano inu mumadziwa kuwerenga, ndipo chovala chimanena chokha mbiri yake. Yang'anani pakhosi kapena m'mbali mwake, chamkati. Mupeza kansalu kakang'ono kolembedwa mawu.

Anasokera yani?

Pa jekete yamawanga ija mwina muwerenga dzina lakuti Realtree kapena Mossy Oak. Awa ndi makampani a ku America. Onse awiri anayamba m'chaka cha 1986, ndipo ntchito yawo ndi kukonza mawanga a zovala za alenje. Kumeneko anthu ambiri amasaka nyama zonga agwape m'nyengo yozizira, masamba akamayoyoka m'mitengo. Mlenje amakwera mumtengo m'mamawa, nakhala chete maola ambiri osagwedezeka. Chifukwa chake majekete ambiri otere ndi okhuthala, kuti munthu wongokhala asazizidwe. Nsalu yake ndi yofewa, yaubweya, kuti isachite phokoso ikakhudza nthambi.

Tsono ganizani za kwathu kuno. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa, makamaka mu Okotobala ndi mu Novembala. Inu simukhala chete mumtengo ayi. Mumalima, mumapalasa njinga, mumasenza nkhuni. Jekete yokhuthala mudzaivula musanamalize mzere umodzi. Ndipo nsalu yaubweya ija, mukadutsa nayo pathengo, imatola chisoso ndi minga yonse ya panjira. Ikakumana ndi chitedze ndiye musanene.

Pa jekete yachiwiri mwina muwerenga dzina lakuti Columbia kapena The North Face. Awanso ndi makampani a ku America, koma zovala zawo zambiri amasokera anthu oyenda maulendo a pansi ndi okwera mapiri. Munthu woyenda amatuluka thukuta monga inu. Motero majekete awo ambiri ndi opepuka ndiponso osachedwa kuuma.

Koma chenjerani. Dzina lokha silitchinga mvula. Alipo anthu amene amasoka zovala wamba n'kumatapo mayina otchuka. Komanso chovala cha pa kaunjika chinavalidwa kale ndi munthu wina, mwina zaka zambiri. Dzina limangokuuzani ntchito imene chovalacho anachisokera. Ngati chikadali ndi moyo, muona ndi maso anu ndi manja anu.

Mawanga amabisa munthu

Ntchito ya mawanga ndi imodzi: kubisa munthu. Kodi inu mukufuna kubisala kwa yani?

Taganizani za msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, dzuwa litalowa. Muli pa njinga, mwanyamula thumba la chimanga. Galimoto ikubwera kumbuyo. Ngati mwavala zofanana ndi tchire, woyendetsa adzakuonani mochedwa. Pamsewu pafunika chovala chowala, choyera kapena chachikasu. Mungadabwe kumva kuti ngakhale ku America komweko, m'madera ambiri lamulo limakakamiza alenje kuvala chovala cha mtundu wa lalanje pamwamba pa mawanga awo. Amatero kuti alenje anzawo awaone, asawaombere poyesa nyama.

Palinso nkhani ya lamulo. Kuno kwathu munthu wamba saloledwa kuvala yunifolomu ya asilikali, ndipo akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza anthu za zovala zofanana nayo. Inde, mawanga a masamba amasiyana ndi mawanga a asilikali. Koma pa mulu wa kaunjika mitundu yonse imasakanikirana, ndipo si aliyense amene angaisiyanitse. Mungathe kulandidwa chovala chimene mwangogula kumene, kapena kutaya tsiku lonse mukuyankha mafunso.

Kwa inu amene mumakhala pafupi ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Boma linakhazikitsa malowa m'chaka cha 1973. Kuyambira mu 2015 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi boma. Anamanga mpanda wamagetsi, ndipo alonda a nyama amayendera malowa usana ndi usiku. Kusaka m'menemo ndi mlandu. Mu 2017 lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa, kotero kuti wopha nyama zina, monga njovu ndi chipembere, angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Tsono munthu wosalakwa, amene munda wake uli m'mbali mwa mpanda, avalirenji ngati mlenje? Mlonda akamuona m'bandakucha ali ndi chikwanje m'manja, adzaganiza chiyani?

Mtundu wa nsalu uli ndi ntchito

Ena anganene kuti, "Chabwino, ndigula yakuda, siionetsa litsiro." Taimani pang'ono. Nsalu yakuda imatentha msanga padzuwa. Ndiponso kumene kuli kashembe, ntchentche yoluma ija imene imafalitsa matenda a kaodzera, mtundu wakuda ndi wabuluu ndiwo umaikoka. Ndicho chifukwa chake nsalu zotchera kashembe amazipanga zabuluu ndi zakuda. Njuchi nazonso zimalusira zovala zakuda ndi zaubweya. Alimi a njuchi amavala zoyera podziwa zimenezi. Kumunda ndi kuthengo, khaki kapena mtundu wina wotuwa ndiwo wabwino.

Sitikunena kuti jekete yokhuthala ilibe ntchito. Mlonda wogona panja mu Juni ndi mu Julayi amaifuna. Msodzi wa pa Chiuta kapena pa Chilwa, amene amachezera pamadzi mphepo ikuwomba, amaifunanso. Ngati ntchito yanu ndi yotere, gulani yokhuthala, koma funani ya mtundu umodzi. Zilipo zambiri pamulu pomwepo, ndipo zimafunda chimodzimodzi.

Kuyesa chovala musanalipire

Bwererani ku kansalu kaja. Mawu ake ambiri ndi a Chingerezi, koma atatu okha ndiwo muyenera kuwadziwa. Mawu akuti cotton ndiye kuti thonje, longa lomwe timalima kuno. Thonje ndi labwino padzuwa chifukwa limamwa thukuta, koma likanyowa ndi mvula limalemera ndipo limachedwa kuuma. Mawu akuti polyester ndiye nsalu yopangidwa ku fakitale, ya mtundu wa pulasitiki. Imauma msanga, koma imaopa moto. Kamoto kakang'ono kothetheka pa mbaula kamaiboola nthawi yomweyo. Mawu akuti waterproof akutanthauza kuti madzi salowa.

Mawu otsirizawa musangowakhulupirira. Tembenuzani jekete, muone mkati. Jekete yeniyeni ya mvula imakhala ndi timizere tonga tepi tomatidwa pamwamba pa misoko yonse, chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano. Ngati timizereti tamatuka, kapena mkati mukusupuka tinthu toyera tonga gaga, jeketeyo yatha ntchito ngakhale kunja ikuwala. Iyang'anitseni kudzuwa kuti muone ngati ili ndi mabowo. Kokani zipi kukwera ndi kutsika katatu. Kenaka ivaleni, mukweze manja monga mukugwetsa khasu. Ikakugwirani m'khwapa, isiyeni.

Za kumapazi n'zachidule. Majombo olemera a alenje, okhala ndi ubweya mkati, anawapangira dziko la chisanu. M'matope a kudimba ndi m'munda wa mpunga, magambutsi wamba ndiwo amathandiza. Apindeni pang'ono musanagule, muone ngati mphira wake sunang'ambike. Ndipo m'mawa uliwonse agwedezeni musanavale, chifukwa chinkhanira chimakonda kugona m'menemo.

Mawu amodzi kwa alimi a thonje. Popopera mankhwala musavale jekete yokhuthala kapena yaubweya, chifukwa imamwa mankhwala n'kuwasunga pafupi ndi khungu lanu. Valani ovolosi kapena malaya a manja aatali ndi buluku lalitali, zimene mungathe kuchapa tsiku lomwelo. Muzichape pazokha, osati pamodzi ndi zovala za ana.

Ntchito yoti muchite

Tiyerekeze kuti jekete yamawanga akugulitsa K30,000, ndipo ya mtundu umodzi akugulitsa K18,000. Mukagula yachiwiri, mutsala ndi ndalama zingati? Lembani yankho m'kope mwanu. Lembaninso zinthu ziwiri zimene mungagule ndi ndalama zotsalazo.

Mukafika kunyumba, tengani chovala chimodzi, mupeze kansalu kake. Koperani mawu onse amene mungathe kuwerenga. Mubwere nawo tsiku limene mudzakumanenso ndi anzanu, kuti mudzawerengere pamodzi.