Nati Imodzi Ikamasuka Pakati pa Nyanja: Phunziro la Mabauti a Injini ya Boti

Asodzi anzathu a ku Chintheche, Bandawe, Kande mpaka ku Tukombo, phunziro la ulendo uno likukhudza injini za maboti. Ena mudabwa, popeza mudazolowera kuti alangizi a za usodzi tikafika pa doko nkhani imakhala ya maukonde oletsedwa, nyengo yotseka kapena ziphaso. Koma zimene tidaona m'nyengo ya mwera yapitayi zatikakamiza kuti lero tilankhule za masipanala.

Boti lina la chilimira la pa limodzi mwa madoko athu lidanyamuka madzulo kukapha usipa. Pobwerera usiku, injini idangoyamba kulira mokweza koma boti osayenda. Alovi atakweza mwendo wa injini adapeza kuti pulopela palibe, yamira. Nkhafi zidali zochepa. Mwera udawakankhira kumpoto, ndipo adakafika pa gombe lachilendo dzuwa litakwera kale, usipa utayamba kuwonongeka. Mwamwayi palibe adataya moyo. Titacheza ndi mwini boti, adavomera kuti pini yotchinga nati ya pulopela idathyoka milungu ingapo m'mbuyomo, ndipo iye adalowetsapo kawaya kofewa. Kenako adatifunsa kuti, "Alangizi, ndikadapakapo guluu wa mabauti uja amakamba amakaniko, kodi sibwenzi pulopela yanga ilipo?"

Tidamuyankha kuti ayi. Guluuyo ndi wabwino ndipo tikufuna mumudziwe, koma pa pulopela si malo ake. Pa injini pali bauti lofuna guluu, pali lofuna gilisi, ndipo pali lofuna pini. Mwini injini aliyense ayenera kudziwa kusiyanitsa.

Chimene chimamasula nati

Mukamanga bauti ndi sipanala, chitsulo chake chimatamuka pang'ono ngati mpira wa legeni, ngakhale maso sangaone. Kutamuka kumeneku ndiko kumapanikiza zitsulo ziwiri pamodzi. Koma mazinga a bauti, timizere tozungulira tija, sakhudzana paliponse ndi mazinga a nati. Pakati pake pamatsala timipata ta mpweya. Injini ikamanjenjemera, zitsulo zimatereka pang'onopang'ono m'timipata timeneti, ndipo nati imabwerera m'mbuyo. Ikangobwerera pang'ono, mphamvu yopanikiza ija imachepa, ndiye kumasuka kumafulumira.

Taganizani: injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, imene ambiri a inu muli nayo, mukaipatsa moto wonse imazungulira maulendo pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi imodzi. Onjezanipo mafunde a mwera amene amamenya boti kuyambira mwezi wa May mpaka August. Nati yosasamalidwa singapirire zimenezi.

Ambiri akaona nati yamasuka amaganiza zoikoka ndi mphamvu zonse, ena mpaka kuwonjezera paipi ku sipanala. Izi n'zoopsa chifukwa thupi la injini ya boti ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa kuposa cha bauti. Mukapyoza muyeso, mazinga a m'bowo amadyeka, bauti limangozungulira osagwira. Zikatero ndiye kuti ulendo wa kwa makaniko wodula mazinga atsopano wakupezani, ndipo nthawi zambiri ndi wa ku Mzuzu.

Guluu wa mazinga

Guluu ameneyu amadziwika kwambiri ndi dzina la Loctite, ngakhale makampani ena monga Permatex amapanganso wawo. Adamutulukira ndi Vernon Krieble, mphunzitsi wa sayansi pa Trinity College mu mzinda wa Hartford ku America, m'chaka cha 1953. Kuyambira 1997 dzinali lili m'manja mwa kampani ya Henkel ya ku Germany.

Khalidwe lake ndi losiyana ndi guluu wina aliyense amene mukumudziwa. Akakhala pa mpweya sauma. Amauma pokhapokha akatsekeredwa pakati pa zitsulo ziwiri pomwe mpweya sufika. Akalowa m'timipata ta mazinga tija amasanduka ngati pulasitiki wolimba, nati n'kusowa potereka. Amatsekanso njira ya madzi, choncho dzimbiri silidya mazinga. N'chifukwa chake mukagula kabotolo katsopano mudzapeza kuti sikodzadza. Musamunene wogulitsa kuti wakuberani. Mpweya wa m'botolomo ndi umene ukusunga guluuyo kuti asaume.

Tichenjeze pano: supa guluu wa pa golosale si guluu wa mazinga, ngakhale pa kachubu patalembedwa dzina lomwelo la Loctite, pakuti kampaniyi imapanga zomatira zamitundumitundu. Supa guluu amauma musanamalize kumanga nati.

Mitundu yake imasiyana ndi nambala komanso maonekedwe a madziwo. Wa buluu, wa nambala 242 kapena 243, ndi wa mphamvu yapakati. Amayenera mabauti a kukula kwa mamilimita 6 mpaka 20, ndipo tsiku lofuna kumasula sipanala wamba amakwanira. Ameneyu ndiye tikulimbikitsa. Wa 243 amaposa mnzake chifukwa amagwirabe ngakhale patatsala timafuta pang'ono. Wofiira, monga wa 271, ndi wa malo amene simufuna kudzamasulanso. Kuti agonje pamafunika kutentha bautilo ndi moto mpaka pafupifupi madigiri 250. Palinso wofiirira wa 222 wa tisikuluu tating'ono, ndi wobiriwira wa 290 amene amalowa yekha pa bauti lomangidwa kale, koma awa sitiwafuna kawirikawiri kuno.

Chosokoneza n'chakuti mabotolo ambiri a Loctite ndi ofiira kunja, kaya mkati muli wa buluu. Choncho werengani nambala. Ngati mukutuma mwana wanu amene ali ku Joni kuti akutumizireni, monga ambiri kuno timachitira ndi zida za injini, mulembereni nambala 243 pa foni. Mukangomuuza kuti "guluu wa mabauti" adzakubweretserani wofiira, poganiza kuti wamphamvu kwambiri ndiye wabwino.

Ife maganizo athu pa wofiira ndi awa: msodzi asakhale naye m'bokosi lake. Kuti mumasule bauti lomatidwa ndi iye mufunika moto, pomwe pafupi pali petulo, timipira totseka oyilo ndi mawaya. Mukakakamiza popanda moto, bauti limadukira m'kati mwa aluminiyamu. Musiyireni makaniko amene ali ndi buku lokonzera injini. M'mabuku a amakaniko a Yamaha, bauti lililonse lofuna guluu lili ndi chizindikiro cha zilembo LT ndi nambala yake pambali.

Kapakidwe kake

Ambiri amene amati guluuyu sagwira ntchito amalakwitsa pa kutsuka. Masulani bauti, mulipalepale ndi burashi ya waya kuchotsa dzimbiri ndi guluu wakale. Kenako litsukeni ndi sipiriti kapena thinazi, ndi bowo lomwe, n'kudikira kuti ziume. Musatunge petulo wa m'thanki ya boti kuti mutsukire. Petulo ameneyo mudamusakaniza kale ndi oyilo, ndipo akauma amasiya mafuta pa mazinga. Palafini nayenso amasiya mafuta.

Gwedezani botolo. Ikani dontho limodzi kapena awiri pa mazinga, pamalo pomwe nati ikakhale. Ngati bauti likulowa m'bowo losaboola mbali ina, donthezani m'bowomo, chifukwa mukapaka pa bauti pokha mpweya wotuluka m'bowo umakankhira guluu kunja. Mangani nthawi yomweyo ndi mphamvu yomwe mumamangira masiku onse. Guluu salowa m'malo mwa kumanga bwino. Wotsala kunja pukutani ndi kansanza, pakuti sadzauma.

Amayamba kugwira pakatha mphindi 10 mpaka 20, koma kuti alimbe kotheratu pamafunika maola 24. Apa ndi pamene timakangana ndi eni maboti. Munthu amakonza injini 3 koloko masana n'kufuna kunyamuka 5 koloko. Konzani m'masiku a mwezi wowala, pamene usipa subwera ku nyali ndipo maboti ambiri ali pa mtunda. Dziwaninso kuti pa mabauti oyera osachita dzimbiri, amene ndi ochuluka pa injini za pa madzi, guluuyu amachedwa kuuma kusiyana ndi pa chitsulo wamba. Mupatseni tsiku lathunthu.

Malo amene amathandiza ndi monga mabauti ogwira sitata ya chingwe pamwamba pa injini, a chogwirira chonyamulira injini, ndi manati a mabauti amene amagwira zitsulo pa thabwa la kumbuyo kwa boti. Pa thabwa kumbukirani kuti mtengo umafufuma ndi kuuma, choncho nati ingakhale yosasuntha koma bauti n'kumagwedera. Ikani mawasha aakulu ndipo muziyang'anapo.

Mukamaliza, jambulani kamzere ka penti, ngakhale utoto wa m'zikhadabo wa amayi, kuchokera pa nati kufika pa chitsulo cha pambali. Tsiku limene mudzaone kamzereko kaduka pakati, mudzadziwa kuti nati yasuntha musanagwire n'komwe sipanala.

Kumene guluu sayenera kufika

Tibwerere ku pulopela. Nati yake ili ndi timipata pamutu, ndipo pini ya miyendo iwiri, imene amakaniko amati split pin, imadutsa m'timipatato ndi m'bowo la shafuti. Mukaipinda miyendo, nati singazungulire. Pini imeneyi ndi yogwiritsa ntchito kamodzi. Mukaiwongola n'kuipindanso, imathyoka pa mfundo pomwe idapindikapo. Kawaya, msomali kapena sipoko ya njinga zimachita dzimbiri kapena kudyeka. Mtengo wa pini ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pulopela, osanenanso za anthu amene ali m'botimo. Gulani zingapo, muziike m'kabotolo kotseka bwino limodzi ndi nati ndi washa zapadera, ndipo kabotoloko kazikhala m'boti, osati kunyumba.

Pa shafuti ya pulopela pamafunika gilisi wosasungunuka m'madzi. Pulopela iyenera kumachotsedwa kawirikawiri kuti muone ngati ulusi wa ukonde kapena wa mbedza wakulungika kumbuyo kwake. Ulusi umenewu umadula kampira kotseka oyilo, madzi n'kulowa m'magiya. Mukamata nati ndi guluu mudzachita ulesi kumasula, ndipo ulusiwo udzagwira ntchito yake mwakachetechete. Injini zina zazing'ono zili ndi pini inanso yopingasa pa shafuti, imene idapangidwa dala kuti ithyoke pulopela ikagunda mwala. Mukaikapo msomali wolimba, mwala wa ku Bandawe udzathyola magiya m'malo mwa pini.

Pulagi nayo isapakidwe. Ilowetseni ndi zala mpaka itakhala, kenako ngati ndi yatsopano onjezani ndi sipanala kota kapena theka la kuzungulira kumodzi. Masikuluu awiri otsitsira ndi kuthirira oyilo wa magiya safuna guluu. Amafuna tiwasha tatsopano nthawi iliyonse mukasintha oyilo, ndipo kusinthako kuzichitika pakatha maola 100 injini ikugwira ntchito. Oyilo akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa. Tisikuluu ta kabuleta tisiyeni. Pa pulasitiki musayese, chifukwa guluuyu amang'ambitsa mapulasitiki ena.

Zomangira ziwiri zimene zimagwira injini ku boti zimafuna gilisi ndi dzanja lanu. Zilimbitseni musananyamuke, muzionenso mutayenda pang'ono, ndipo mangani injini ku boti ndi chingwe cholimba. Nyanja yathu imazama msanga mbali ino ya kumpoto. Injini ikagwera kutali ndi gombe palibe wokaivuula.

Pomaliza pa mfundoyi, guluu sabwezeretsa mazinga amene adadyeka kale. Bauti longozungulira likufuna makaniko.

Kunyumba ndi pa msewu

Kabotolo komweko kangathandize pa keliyala ya njinga imene amayi mumanyamulira usipa kupita ku msika wa Chintheche, pa wilibala, pa njinga yamoto ya kabaza, ndi pa mabauti a bodi ya galimoto yonyamula nsomba, imene imagwedezeka tsiku ndi tsiku pa msewu wa M5 ndi m'tinjira ta fumbi totsikira ku madoko. Koma pa manati a mateyala a galimoto musapake. Amenewo amafuna mazinga oyera, kumangidwa mopingasa, ndi kuwaonanso mutayenda makilomita angapo. Sungani botolo pa mthunzi, kutali ndi ana, ndipo likagwera pa khungu sambani ndi sopo.

Mbali ya komiti

Lamulo la za usodzi la 1997 lidatsegula khomo loti asodzi azitenga mbali posamalira nsomba limodzi ndi boma, ndipo makomiti a pa doko amagwira ntchito pansi pa mfundo imeneyi. Ife tikuona kuti komiti imene ili ndi mphamvu yofunsa za maso a ukonde ingathenso kufunsa ngati boti likunyamuka ndi nkhafi zokwanira ndi pini yapadera. Alovi sangamufunse bwana wawo mosavuta, chifukwa amaopa kutsitsidwa m'boti. Wapampando angathe.

Bauti limodzi limangofuna madontho awiri, choncho kabotolo ka mamililita 10 kangatumikire maboti angapo. Munthu mmodzi akagula yekha, guluu amatha mphamvu asanafike theka, popeza ali ndi tsiku lake lothera ntchito lolembedwa pa botolo. Kambiranani ngati komiti ingagule kamodzi, pamodzi ndi mapini, tiwasha ta oyilo wa magiya ndi masipanala a saizi 10, 12 ndi 14, n'kusungitsa kwa msungichuma. Wobwereka azilembedwa m'kaundula, ndipo wotenga pini azilipira mtengo wake kuti mugule ina. Tikudziwa kuti zinthu za gulu zimasowa msanga. N'chifukwa chake tikunena za kaundula.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti yanu, pemphani mwini boti mmodzi abweretse injini yake pansi pa mtengo. Ife tidzabwera ndi kabotolo ka buluu ndi penti. Tidzachotsa pulopela pamaso pa onse, ndipo mlovi aliyense adzayesa kulowetsa pini ndi kuipinda ndi manja ake.