Mafunso ndi Mayankho: Kanema Akasanduka Wobiriwira

Abale ndi alongo amene mwatchera khutu ku wailesi madzulo ano, popeza makalata achuluka pamene nthawi ili yochepa, tiyeni tilowe m'bwalo.

Bambo wina wa ku Mchinji akuti nkhope zonse pa TV yawo zabiriwira ngati masamba a nkhwani. Bambo, musafulumire kupita kwa amisiri. Zimitsani zonse, zulani chingwe cha HDMI chochokera ku dikoda, muchilowetsenso molimba, ndipo zikakanika bwerekani chingwe cha mnansi wanu muyesere, pakuti nthawi zambiri mlandu umakhala wa chingwe.

Mtsikana wina wa ku Zomba akudandaula za mzere wobiriwira wotsika kuchokera pamwamba pa foni kufika pansi. Achemwali, jambulani zimene zili pagalasipo, mutumize chithunzicho ku foni ya mnzanu. Mzerewo ukapanda kuoneka kumeneko, dziwani kuti galasi lenilenilo lavulala mkati, ndipo mankhwala ake ndi kuika lina. Musalipsinje ndi chala.

Tsono ifike kalata imene yandikhudza mtima, ya mayi wa ku Dedza, amene kanema wa ukwati wa mwana wawo amayamba bwino lomwe, koma akafika pa perekaniperekani, galasi lonse limasanduka dambo lobiriwira. Mayi, poyamba muyesere kanemayo pa kompyuta ina ndi pulogalamu ya VLC, pakuti nthawi zina wolakwa ndi chipangizo cha m'kompyuta chothandiza kuonetsa zithunzi, ndipo mukathimitsa chija chotchedwa hardware acceleration, zonse zimabwerera mwakale. Koma kubiriwirako kukayambira pamalo omwewo m'makina onse, ndiye kuti kanemayo anaduka.

Mvetserani chifukwa chake mtunduwo umakhala wobiriwira. Makina posunga kanema amalemba manambala a mitundu itatu: ena onena za kuwala, ena onena za buluu, ndi ena onena za kufiira, ndipo manambala a buluu ndi a kufiirawo, amene amayenda kuchokera pa 0 kulekeza pa 255, ali ndi pakati pawo pa 128, pomwe palibe mtundu wopambana unzake. Tsono uthenga ukatayika, m'malo mwake mumatsala 0 yekhayekha, ndipo makina, amene alibe nzeru yodziwa kuti apa panaduka, amamva ngati alamulidwa kuchotsa buluu yense ndi kufiira konse. Ndipo pa mitundu itatu ya kuwala, mukachotsa iwiriyo, wotsala ndi wobiriwira.

Nanga uthengawo umatayika bwanji? Abale anga, ndinanena sabata yatha, ndipo ndinenanso lero kufikira mawu atandithera: lekani kugula memore khadi ndi fulashi zotsika mtengo za pamsewu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kunja kwake kwalembedwa 64 GB, pamene mkati mwake mwina ndi 8 GB yokha, ndipo ikadzaza imapitiriza kulandira kanema mwakachetechete, ngati mtsuko wobooka umene mukuthiramo madzi mukuyesa kuti mukusunga. Lekaninso kuzula fulashi kompyuta isanamalize kulemba, ndi kujambula batire ili pafupi kutha, pakuti kamera ikazima pakati pa ntchito, kanemayo amatsala wosamalizika.

Ndikumbuka mnyamata wina wojambula, amene anafika pa khomo langa mbandakucha misozi ili chuchuchu, atajambula mwambo wa maliro a gogo wa mudzi wina pa khadi lotere. Ndipo ngakhale tinachezera usiku wonse wotsatira kuyesa nzeru zathu zonse, tinapulumutsa chiyambi chokha, pakuti chimene sichinalembedwe palibe mmisiri pansi pa thambo angathe kuchiukitsa. Indetu, ukwati suchitika kawiri, ndipo maliro sabwerezedwa chifukwa cha wojambula.

Chotero, mayi, pitani msanga kwa amene anakujambulirani, mufunse ngati akusungabe kanema woyamba wa m'kamera, pakuti kapena choduka ndi chokopera chanu chokha. Ndipo inu nonse ondimvera, chithunzi chimene mumachikonda chisungeni malo awiri, ndipo kanema muonereni kufikira kumapeto musanafufute woyambayo. Safunsa adadya phula; pitirizani kutilembera.