Kuphunzitsa Akaidi

Munthu akamangidwa, chilango chake chidzatha tsiku lina, ndipo adzabwerera kumudzi. Kodi adzabwerera ali wotani?

M'chaka cha 1813 Mayi Elizabeth Fry anakaona ndende ya Newgate ku London, napeza akazi atapanikizana pamodzi ndi ana awo, akugona pansi. Mu 1817 anasonkhanitsa amayi anzake, nayamba bungwe lothandiza akaidiwo popanda malipiro. Anatsegula sukulu ya ana m'ndendemo, naphunzitsa akazi kusoka ndi kuwerenga. Wodziwa kusoka akatuluka amadya za manja ake, motero njala simkankhira kukaba.

Tsono inu mafumu ndi aphunzitsi, mkaidi akabwera kwanu musamsale. Mpatseni munda, mphunzitseni ntchito. Wosalidwa ndiye amabwerera kundende.