Phunziro la Ulimi: Nthenda Zosamva Mankhwala

Alimi ambiri a fodya kuno ku Kasungu amadandaula kuti mankhwala opopera mbewu a masiku ano ngosukuluka. Nthawi zina nzoona, pakuti alipo ogulitsa achinyengo. Koma kawirikawiri chimene chasintha si mankhwala ai, koma nthendayo. Kuti timvetse bwino, tiyeni tione minda ya mpesa ya ku Ulaya, kumene afulula vinyo wonga amene tipereka pa Misa.

Kumeneko kuli chuku chotuwa, dzina lake Botrytis, chimene chimaoletsa mphesa mvula ikachuluka. M'chaka cha 1968 kampani ya DuPont inatulutsa mankhwala otchedwa Benlate, ndipo alimi anakondwera nawo ndithu. Koma pofika 1971, ku Netherlands anapeza pa maluwa chuku chosamva mankhwalawo, ndipo posakhalitsa minda yambiri ya mpesa inaona zomwezo.

Kodi zinatheka bwanji? Chuku chimabala timbewu tosaoneka ndi maso, tosawerengeka. Mwa unyinji wotere, kamodzi kamabadwa kosiyana pang'ono ndi tinzake. Benlate amalasa malo amodzi okha m'thupi la chuku; tsono kambewu kamene malo amenewo adasinthika kamapulumuka. Mlimi akapopera, tina tonse timafa, ndipo kolimbako kamatsala kokha, kopanda wolimbirana naye chakudya. Akapoperanso mankhwala omwewo, ndiye kuti akupalira mdani wake. Mankhwala sanalenge chuku cholimbacho, anangochipatula.

Kopa ngwosiyana. Mankhwala a Bordeaux, osakaniza kopa ndi laimu, anawalengeza Millardet ku France m'chaka cha 1885, ndipo akugwirabe ntchito kufikira lero, popeza kopa amalasa malo ambiri nthawi imodzi. Mancozeb, amene timamudziwa ndi dzina la Dithane, ali chimodzimodzi. Nchifukwa chake amamusakaniza ndi metalaxyl m'mankhwala a Ridomil amene tipopera tomato kudimba: metalaxyl payekha anagonja kwa chiwawu cha mbatata ya kachewere ku Ireland m'chaka cha 1980.

Tsono inu abale, musabwereze mtundu umodzi chaka chonse m'nazale kapena kudimba. Chenjerani apa: mabotolo awiri a maina osiyana angathe kukhala ndi mankhwala amodzi m'kati. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta pabotolo, kapena funsani alangizi a ARET ku Mwimba. Gulani okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Patulirani mbande kuti mphepo idutse, thirirani m'mamawa kuti masamba asagone onyowa, ndipo mukatha kuthyola fodya zulani mapesi onse, pakuti nthenda zimabisala m'menemo kudikira mvula ina.