Hilful Fudhul ndi mpando wa mzikiti kuno ku Dedza



Phunziro la sabata ino likuchokera mu Sirah. Mtumiki Muhammad (s.a.w) asanapatsidwe utumiki, wamalonda wina wa ku Yemen anagulitsa katundu ku Makka kwa Al-As bin Wail, koma mkuluyu anakana kulipira. Mlendo uja analibe fuko lomuyimira. Atadandaula poyera, mafuko angapo a Aquraish anakumana m'nyumba ya Abdullah bin Jud'an, nkupangana kuti aliyense woponderezedwa mu Makka, kaya ndi mbadwa kaya mlendo, adzamuyimira limodzi mpaka alandire chake. Pangano limeneli ndi Hilful Fudhul. Mtumiki analipo ali mnyamata, ndipo Chisilamu chitafika kale anatiuza kuti ataitanidwanso ku pangano lotere akhoza kuvomera. Taonani bwino apa: opangana aja sanali Asilamu. Nayo Surat Al-Maida ayah 2 imatilamula kuthandizana pa zabwino, nkutiletsa kuthandizana pa machimo.

Kuno ku Dedza tinaona zofanana nazo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe analowa ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana oposa 850 m'zaka zitatu zokha. Ambiri amaikamba nkhaniyi ngati mayiwa anagwira ntchito okha. Ayi ndithu. Anasainitsa mafumu awo 50 kuti asalole maukwati otere, anaimitsa paudindo ena omwe anapitiriza, ndipo ankadalira magulu a amayi, aphunzitsi komanso makolo omwe ankawatsina khutu mwachinsinsi. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 zinakhazikitsa zaka 18, koma lamulo silimayenda lokha kukafika pakhomo pa munthu.

Mtsikana wa Sitandade 7 ku Mayani kapena ku Bembeke akasiya sukulu, aliyense amaona mbali imodzi yokha. Mphunzitsi amaona dzina lojomba m'kaundula. Mlangizi wa zaumoyo amamuona ku sikelo ali kale ndi pakati. A ku ofesi yosamalira anthu amadziwa ngati banjalo lili pa Mtukula Pakhomo. Apolisi a ku Victim Support Unit amamva zinthu zitafika poipa. Ndipo kumuchotsa ku banja kokha n'kosakwanira ngati akubwerera m'nyumba yopanda ufa, mbatatesi zitapita ndi mavenda pamtengo wolira. Pamafunika wina wopeza yunifolomu ndi makope, wina wokhala pansi ndi makolo, wina wokumbutsa ahedi kuti boma limalola mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi.

Nanga mzikiti? Apa ndiye pamandiwawa. Kawirikawiri woyamba kumva amakhala Sheikh, poti amalume amabwera kwa iwo kudzakonza za nikah. Ustadh amadziwa mwana amene wasiya kubwera ku madrasa masana. Amayi athu a dawah amadziwa khomo lililonse. Koma m'midzi ina yomwe ndikuidziwa, msonkhano wa VDC kapena wa komiti ya sukulu ukaitanidwa, mpando wathu umakhala wopanda munthu. Ena amati zimenezo ndi za boma, ena amati ndi za matchalitchi. Chonsecho Muslim Association of Malawi yakhala pa tebulo limodzi ndi mabishopu mu Public Affairs Committee kuyambira 1992. Zotheka ku Blantyre zikulephereka bwanji pansi pa mtengo kwa a gulupu?

Sindikunena kuti tizingovomera chilichonse chimene mabungwe abweretsa. Zina zimatsutsana ndi Deen yathu, ndipo tikuyenera kunena poyera. Koma wokana ali mkati mwa msonkhano amamveka, pomwe wokana ali pakhonde pake palibe amamufunsa.

Ife amene tikupita kumudzi holide ino, In shaa Allah, tikatha Jumu'ah tipemphe komiti ya mzikiti mwaulemu kuti isankhe m'bale mmodzi ndi mlongo mmodzi oti azikhala nawo ku misonkhano ya sukulu ndi ya chitetezo cha ana. Tipemphenso a Sheikh kuti asanamange nikah aziyamba aona chiphaso cha unzika kapena kalata ya kubadwa ya onse awiri. Nkhani ikakhala yofunika changu, nambala yothandizira ana ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.