Pikiapu siifa ndi makilomita: kasamalidwe ka galimoto yokalamba ku Machinjiri

Mukaima m'mawa pa Luwanda kapena pa Khama n'kumaonerera galimoto zonyamula katundu, zatsopano mungaziwerenge ndi zala. Zochuluka ndi nkhalamba zija: Toyota Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB, Mazda ndi Ford Ranger zakale, penti itasuluka, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Zimenezi ndi zomwe zimatuta njerwa, mchenga ndi simenti za anthu omanga m'ma Area athuwa, kukatenga chimanga ku Lunzu, ndi kunyamula anamfedwa tsiku la maliro. Zina mita yake inapyola kalekale makilomita 300,000 koma zikugwirabe ntchito, pamene zinzake zamsinkhu womwewo zakhalira miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ine ndili ndi Hilux ya injini ya 3L, ndipo pa zaka zomwe ndakhala nayo ndaona kuti chimapha pikiapu kuno ndi zinthu zitatu: kutentha kwa injini, fumbi ndi madzi zolowa posayenera, ndi katundu wopyola muyezo. Makilomita amangosenzetsedwa mlandu. Tiyeni tizitenge chimodzichimodzi, mwa ndondomeko yomwe ndingauze mng'ono wanga atagula yake lero.

Yambani ndi kuidziwa

Musakhulupirire mita. Imabwezedwa, ndipo zina zinaima zokha zaka zapitazo. Yang'anani labala wa popondera kilatchi ndi buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala: zikakhala zoperepeseka pamene mita ikuti 120,000, wina akukunamizani. Ngati mukugula, pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muikhudze ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini ya dizilo yabwino imalira msanga, kautsi pang'ono kenako mbee. Utsi wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oyilo. Wakuda, ikulandira mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa. Woyera wosaleka ngakhale yatentha, kaikirani mainjekita kapena madzi olowa m'masilinda.

Ikulira choncho, masulani chotsekera pothirira oyilo n'kuchikhazika pomwepo osamanga. Chikamangonjenjemera, palibe vuto. Chikamadumpha, utsi n'kumatuluka ngati ketulo yowira, malingi atha, ndipo ovaholo ili pafupi. Kenako yalani thumba, gonani pansi ndi tochi, mutsate chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Malo owotcherera, dzimbiri lofundukuka, kapena penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha, zonsezo zikukuuzani kanthu.

Lembani dzina la injini yanu, chifukwa zambiri zikudalira pamenepo. Ma Hilux a 2L, 3L ndi 5L, komanso a D-4D a 2KD ndi 1KD, amayendera timing belt, chimodzimodzi injini ya WL ya mu Mazda ndi Ranger zakale. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo simulizanso. Pa 3L ndi 5L amasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, pa D-4D pa 150,000. Ngati simukudziwa tsiku lomwe anasinthidwa komaliza, ingomusinthani sabata yomweyo pamodzi ndi tensioner yake. Musadalire kanyali kolembedwa T-BELT, pakuti aliyense angathe kukazimitsa osasintha lamba. A Hardbody ya TD27 pano apumule, yawo imayendera magiya.

Kutentha

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ndinapsa ine. Tsiku lina mu Okutobala ndikuchokera ku Chirimba nditasenza simenti, geji ya kutentha inakwera pang'ono pa chitunda. Ndinati ndifike kaye, kwatsala pafupi. Posakhalitsa geji ija inabwerera pansi yokha, ine mtima m'malo. Sindinadziwe kuti paipi yapansi inali itang'ambika, madzi onse atatayika, ndipo kachipangizo koyeza kutentha kanalibenso madzi oti kayeze. Nditafika, silinda hedi inali itang'aluka. Galimoto inakhala miyezi itatu pakhomo, ine ndikukwera minibasi kukasaka hedi ku Ndirande ndi ku Limbe. Paipi yomwe inayambitsa zonsezo mtengo wake sunkafika ngakhale pa ganyu ya tsiku limodzi.

Ndiye m'mawa uliwonse musanalize, tsegulani boneti. Onani madzi mu rediyeta mwenimwenimo, osati m'kabotolo kam'mbali kokha. Finyani mapaipi: yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena youma gwa, yatha imeneyo. Dinani fan belt ndi chala kuti muone ngati salendewera. Zonsezi ndi mphindi zitatu.

Madzi apampopi kapena apamjigo okhaokha amadyetsa injini dzimbiri ndi kutseka timapaipi ta rediyeta. Thirani coolant, ndipo mumusinthe zaka ziwiri zilizonse. Chotsekera cha rediyeta nachonso chimatha. Sipuling'i yake ikafooka madzi amawira msanga. Kamodzi pa miyezi ingapo tsukani rediyeta kunja kwake ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, kuti matope ndi tinthete ta udzu zichoke.

Pali chizolowezi china chomwe ndimatsutsana nacho. Galimoto ikayamba kutentha, amakaniko ena amati, "Bwana, tingochotsa thermostat, zimenezi n'za kumaiko ozizira." Musavomere. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, ndipo chenicheni chomwe chimaitenthetsa chija chimangobisala. Kawirikawiri chimakhala rediyeta yotsekeka, water pump yotha, kapena kilatchi ya fani. Yotsirizayi mungaiyese nokha: injini itatentha, izimitseni, mupukuse fani ndi dzanja. Ikazungulira mopepuka ngati kamphero ka ana, yafa.

Geji ikakwera muli panjira, imani pomwepo, kaya mwini katundu akukalipa. Mukaona madzi akutayika pansi, zimitsani nthawi yomweyo. Musatsegule rediyeta yotentha, anthu apsa nkhope nazo zimenezi, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yamoto chifukwa ndi momwe hedi imang'alukira. Khalani pamthunzi theka la ola kapena kupyolapo.

Oyilo, fumbi ndi mafuta

Buku la galimoto lingatchule makilomita ochuluka, koma olemba ake sankaganiza za maulendo afupiafupi a mumsewu wafumbi, galimoto italemedwa, ikukwera ndi giya yoyamba. Pa dizilo yakale sinthani oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, pamodzi ndi fyuluta yake. Wa 15W-40 wa injini za dizilo amakwanira zambiri mwa nkhalambazi. Mugule wa m'chigubu chomata, pamalo odziwika. Oyilo wopimidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu simudziwa komwe wachokera, ndipo injini ikanoka simudzampezanso wogulitsayo. Posintha, khalani pomwepo muone wakale akutuluka. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa. Mukaona tizitsulo tonyezimira, maberingi akudyeka.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, misewu ya m'ma Area imakhala fumbi lokhalokha. Tulutsani fyuluta ya mpweya sabata iliyonse, muigogode mofatsa. Ngati mukuuzira ndi kompuresa, mphepo ichokere mkati kupita kunja, ndipo isakhale yamphamvu, chifukwa kabowo konga ka singano n'kokwanira kulowetsa mchenga wotha malingi. Pisani chala m'paipi yochokera pa fyuluta kupita ku injini. Chikatuluka ndi fumbi, pali pena pakudutsa, ndipo musayende musanapapeze.

Za mafuta tonse tikuzidziwa. Kuyambira 2022 takhala tikugona pamizere m'mafilingi siteshoni nthawi ndi nthawi, ndipo munthu wokhala ndi hayala m'manja amakopeka ndi dizilo wa m'zigubu. Sindingakuweruzeni, nanenso ndinagulapo. Koma dziwani kuti m'zigubu mumakhala madzi, zinyalala, nthawi zina parafini, yemwe amachepetsa kutelera komwe pampu imadalira. Pampu za 3L ndi TD27 zimapirirako. Mainjekita a D-4D sapirira, ndipo mtengo wake ungakulizeni. Mukakakamizika, asiyeni akhazikike usiku wonse, muwasefe ndi nsalu yoyera, ndipo otsalira pansi musathire. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegulira madzi: masulani pang'ono, mupope ndi kapampu kapamwamba mpaka kutuluke dizilo yekhayekha. Kanyali kake kakayaka musakanyalanyaze. A 1KD, pa sevisi yaikulu auzeni amakaniko aone mawashala a pansi pa mainjekita, chifukwa akamadontha mwaye umalowa mu oyilo n'kukatseka sefa yokokera oyilo pansi pa injini.

Katundu

Pikiapu zimenezi zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo anthu okwera. Tani imodzi ndi matumba 20 a simenti kapena a chimanga a makilogalamu 50. Werengani matumba. Mchenga ndiye wonyenga zedi: ukanyowa, bodi isanadzaze n'komwe mwapyola kale. Omanga adzakunyengererani kuti, "Achimwene, tingowonjezera mawilibala awiri, tisabwerenso." Iwo apulumutsa ndalama ya ulendo umodzi, inu mudzalipira difu nokha. Ine ndimatchula mtengo wa maulendo awiri poyambirira pomwe. Ena amachoka, koma ambiri amabweranso chifukwa galimoto yanga siwagonera panjira.

Kuwonjezera masipuling'i kumbuyo sikusandutsa pikiapu kukhala lole. Galimoto imaleka kukhala pansi, inde, koma chasisi, maberingi a mawilo, mabuleki ndi matayala n'zomwe zija. Kugunda komwe sipuling'i ikanameza kumapita m'chasisi, ndipo chimathyokera pakati pa kabini ndi bodi, kapena pomangirira masipuling'i. Katundu wolemera muzimuika kufupi ndi kabini, osati kumchira. Pa mahampu ndi m'maenje, galimoto italemedwa, yendani ngati mwanyamula mazira.

Matayala akhale a katundu, olembedwa C kumapeto kwa nambala, monga 195R14C. Pogula akaunjika, werengani manambala anayi otsiriza pa mzere wa DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lakale limaphulika ngakhale mapanga ake akuoneka akuya.

Dzinja

Walira mvula walira matope. Aliyense amene anali mu Blantyre mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, anaona zomwe madzi amachita ndi misewu yathu, ndipo ngakhale chaka chabwinobwino timadutsa m'zithaphwi ndi m'timitsinje tosefukira. Mukawoloka madzi ofika pakati pa wilo, masulani pothirira oyilo wa difu tsiku lotsatira. Akakhala wotuwa ngati mkaka, musintheni, chifukwa difu yotentha ikamizidwa imayamwa madzi. Popani girisi m'manipo onse a propshaft ndi a kutsogolo mpaka wakale atuluke. Tsukani matope pansi, makamaka mkati mwa chasisi momwe amabisala n'kumasunga chinyezi. Mabuleki akumbuyo atseguleni dzinja likatha. Brake fluid amayamwa chinyezi, choncho asinthidwe zaka ziwiri zilizonse.

Pa mtsetse musachotse giya kuti mupulumutse mafuta. Ndi katundu kumbuyo, mabuleki amatentha n'kuleka kugwira, ndipo m'misewu yathu mumayenda ana asukulu ndi akabaza. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera chitundacho. Musagoneke phazi pa kilatchi. Ngati yanu ili ndi turbo, mukafika mutakwera mtunda wautali, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Amakaniko, masipeya ndi kabuku

Mapanga awiri avumbwitsa. Pezani makaniko mmodzi woidziwa injini yanu, mukhale naye, chifukwa iye amakumbukira zomwe anamva mwezi watha. Wabwino amakuonetsani chomwe wachotsa ndipo sakwiya mukafunsa. Chiyambire kwacha kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya anakwera moti aliyense amafuna zotchipa. Sankhani pomwe mungatchipitse. Nyali, chitseko, galasi, chogwirira, zakale za ku Ndirande zimagwira ntchito bwino lomwe. Koma timing belt, mafyuluta, thermostat, gasiketi ya hedi ndi zonse za mabuleki, gulani zenizeni ngakhale zikuwawa m'thumba. Pokagula nyamulani chakalecho ndi nambala ya chasisi. Mwayi wathu ngwakuti Hilux imapangidwa ku Durban, Isuzu ku Gqeberha komwe kale kunali Port Elizabeth, Ranger ku Pretoria, kotero masipeya ake amalowa pa Mwanza osavuta kwambiri. COF ya ku Road Traffic musamaione ngati pepala la apolisi chabe. Nthawi yake ikamayandikira, ndi mpata woona chiwongolero, mabuleki ndi nyali mwachifatse.

Gulani kabuku kasukulu, kazikhala m'galimoto. Mulembemo tsiku, makilomita, chomwe mwasintha ndi komwe mwagula. Mita ikakhala yakufa, werengani miyezi: sinthani oyilo miyezi itatu iliyonse kwa yogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Muzilembanso malita a dizilo, chifukwa galimoto ikayamba kumwa mosazolowereka imakhala ikukuuzani za mainjekita kapena mabuleki omata kusanamveke phokoso lililonse. Pa hayala iliyonse patulani gawo la galimoto musanagule ndiwo, mulisunge padera pa foni kapena ku banki m'khonde. Kuseri kwa mpando wanga sikusowa fan belt wa sipeya, fyuluta ya dizilo, malita asanu a madzi, lita ya oyilo, mafyuzi, makilampu awiri, tochi, ndi paipi yapansi ya rediyeta yatsopano, yokulungidwa m'jumbo.